Mphaka wasiya kudya masiku atatu, akungomwa madzi: ndiyezetse kapena ndingogula jakisoni?

Make Dalitso (Nchalo): Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeniko maganizo pa mphaka wa kwathu. Ndi wamphongo, wofula, zaka 9 kapena 10. Lero ndi tsiku lachitatu osadya, koma madzi akumwa ngati wabwerera kumunda. Dzulo wasanza kawiri thovu lachikasu. Anayamba kuonda mu August, pano pa sikelo akukwana makilogalamu 3.1 pomwe kale ankadutsa 4. M'kamwa mukununkha ndipo dovu likutuluka pang'ono. Ndalama ndili nazo zochepa. Ndikwere naye ku Blantyre akamuyeze, kapena ndigule jakisoni konkuno?

Mlangizi wa ziweto (Ngabu): Amayi, tisanafike pa jakisoni, tiuzeni kaye zinthu zinayi. Choyamba, akukodza? Ngati akukodza, ndi mkodzo wambiri kapena timadontho akudzikakamiza? Chachiwiri, tukulani mlomo wake muone nkhama, ndi zofiirira bwino, zotuwa, kapena zachikasu? Dinani nkhamayo ndi chala n'kuchotsa, mtundu uyenera kubwerera asanathe masekondi awiri. Chachitatu, tsinani chikopa cha pakati pa mapewa, kokerani m'mwamba n'kusiya. Chikabwerera msanga ali ndi madzi m'thupi, chikaima njo ndiye kuti wauma. Chachinayi, akagona werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi poyang'ana nthiti. Mphaka wabwino amapuma ka 20 mpaka 30. Kukadutsa 40 ali chigonere, kapena akapuma ndi kukamwa kotsegula, imeneyo ndi nkhani ina yofunika changu.

Za mkodzo ndazitsogoza dala. Mphaka wamphongo akatsekeka njira ya mkodzo, chikhodzodzo chimafufuma n'kulimba pansi pa mimba, ndipo amatha kufa pa masiku awiri okha. Ameneyo sadikiritsa m'mawa.

Make Dalitso (Nchalo): Akukodza wambiri, wooneka ngati madzi, osanunkha monga kale. Nkhama ndi zotuwa. Chikopa chikubwerera mochedwa. Kupuma ndawerenga 28.

Bambo a Yamikani (Bangula): Ine ndinene zoona, ulendo wa ku Blantyre chifukwa cha mphaka ndi kuwononga ndalama. Mpatseni theka la Panado, mugule oxytetracycline ndi ivermectin ku sitolo ya mankhwala a ziweto. Zimenezi zimadzutsa mbuzi yoti yagona, nanji kamphaka.

Dotolo wa ziweto (Blantyre): Abambo a Yamikani, pepani koma apa ndikutsutsani mwamphamvu, chifukwa ena awerenga n'kukachita. Panado ndi poizoni kwa mphaka. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya paracetamol wa mu Panado monga cha munthu, ndiye mankhwalawo amawononga magazi mpaka kulephera kunyamula mpweya. Nkhama zimasanduka zabulauni, nkhope ndi mapazi zimatupa, ndipo piritsi limodzi ndi lokwanira kumupha. Brufen ndi diclofenac nazo zimapsereza impso ndi kuyambitsa zilonda m'mimba, ndiye kwa mphaka amene tikumukayikira impso kale ndi kumumaliza.

Ivermectin ya ng'ombe ija ili ndi mamiligalamu 10 pa ml imodzi. Mphaka wa makilogalamu 3 amafunika 0.06 ml basi, kadontho. Anthu amakoka 1 ml yathunthu poona ngati ndi yochepa, mphaka n'kuyamba kudzandira, maso kuchita khungu, kenako kukomoka. Komanso ivermectin ndi ya njoka za m'mimba ndi mphere, sikhudzana ndi zimene amayiwa afotokoza. Onjezani pa mndandanda wa zoletsedwa: dibi ya ng'ombe, mankhwala a utitiri a galu okhala ndi permethrin, mankhwala opopera thonje, ndi dexamethasone yomwe imabayidwa mwachisawawa. Dexamethasone imamupatsa mphamvu tsiku limodzi, mwini n'kumati wachira, matenda akupitirira pansi.

Anesi (Nsanje): Ine langa ndi dovulo. Amayi, mphakayu analandira katemera wa chiwewe? Waluma kapena kukanda munthu masiku ano? Ana asamugwire m'kamwa. Wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, osadikira kuona ngati mphaka afa. Chiwewe chikaonekera mwa munthu chilibe mankhwala.

Make Dalitso (Nchalo): Anabayidwa chaka chatha pa kampeni ya agalu. Sanalume munthu, ndi wofatsa monga kale, kungoti wafooka.

Dotolo wa ziweto (Blantyre): Anesi anena bwino, ndipo pomutsegula kukamwa valani magolovesi kapena jumbo. Komabe chiwewe sichiyenda chonchi. Chikayamba kuonekera, nyama simatha masiku 10, ndipo khalidwe limasintha, mawu amasintha, miyendo yakumbuyo imalemala. Uyu waonda pang'onopang'ono miyezi iwiri. Ndikaika pamodzi ukalamba, ludzu, mkodzo wosungunuka, mpweya wonunkha ndi kusanza, impso ndi zimene zili patsogolo. Dovu lija kawirikawiri limabwera ndi nseru kapena zilonda za m'mphepete mwa lilime, zomwe zimatuluka zonyansa zikachuluka m'magazi. Koma shuga amabweretsanso ludzu ndi kuonda komweko, matenda a m'chikhodzodzo okwera mpaka ku impso nawonso, ndipo nkhama zotuwa zitha kukhala ndi chifukwa chake chapadera. Zonsezi mankhwala ake ndi osiyana, n'chifukwa chake jakisoni wongoganizira ndi ndalama yotayika.

Popeza mwati thumba ndi lopepuka, musakavomere kuti ayeze chilichonse. Pa chinthu chilichonse funsani kuti, zotsatira zake zisintha chiyani pa mankhwala amene tipereke? Ndondomeko yanga ikanakhala iyi.

Mkodzo poyamba. Ndi wotchipa ndipo umanena zambiri. Amayeza kulemera kwake pa kachida kotchedwa refractometer. Impso za mphaka zikamagwira ntchito, nambala imadutsa 1.035. Mphaka wouma thupi koma mkodzo wake uli pa 1.015, impso zalephera kusunga madzi. Kapepala koviika kamaonetsa shuga, magazi ndi puloteni.

Kenako PCV, kuchuluka kwa magazi ofiira. Ndi timadontho tochepa mu kachubu kopyapyala. Mphaka wabwino amakhala pakati pa 30 ndi 45. Pamodzi ndi zimenezo apake dontho pa galasi aone pa maikulosikopu, chifukwa pali kachilombo kotchedwa Mycoplasma kamene kamamatirira pa magazi ofiira n'kuwaswa, ndipo kameneko kali ndi mankhwala otchipa.

Chachitatu creatinine ndi urea, zonyansa za m'magazi zimene zimachuluka impso zikafooka, ndipo ngati makina awo akutha, potassium ndi phosphorus. Chachinayi FIV ndi FeLV, mavairasi a amphaka ofooketsa chitetezo cha thupi. Amayeza pa kachida kofanana ndi koyezera malungo, kamayankha pa mphindi 10. X-ray ndi sikani zidikire, pokhapokha dotolo atagwira chotupa m'mimba kapena impso imodzi yaikulu modabwitsa.

Nachisale (Dyeratu): Kuwonjezera pa mkodzo: utengedwe asanamuike madzi. Akalandira dripi mkodzo umasungunuka ndipo nambala ija imanama. Mukafuna kutenga kunyumba, mutsekereni m'chipinda ndi beseni loyera, muikemo timiyala tosalala totsuka bwino n'kuumitsa, osati mchenga chifukwa umamwa mkodzo. Akakodza pendeketsani beseni, kokani ndi sirinji yatsopano, 3 mpaka 5 ml ndi yokwanira. Ndi kutentha kwa October kunoku mkodzo umawonongeka msanga, ndiye ikani sirinjiyo m'jumbo pa madzi oundana, ndipo ufike kwa dotolo tsiku lomwelo. Ngati akufuna kufufuza tizilombo ta m'chikhodzodzo, wa m'beseni sugwira ntchito, amakoka yekha ndi singano pamimba.

Bambo a Yamikani (Bangula): Chabwino za Panado ndamva. Koma funso langa silinayankhidwe. Mukayeza n'kupeza impso, impso zimachira? Ngati sizichira mwayezeranji?

Mlangizi wa ziweto (Ngabu): Funso limenelo ndi lanzeru, abambo, ndipo yankho lake lili pawiri. Impso zikavulala mwadzidzidzi, monga ndi poizoni, kuuma thupi kapena matenda a tizilombo, zimatha kubwerera ngati madzi aikidwa msanga. Zikafota pang'onopang'ono ndi ukalamba sizibwerera, koma mphaka amatha kukhala miyezi yambiri, ena zaka, akudya ndi kugwira makoswe, malinga ndi pamene matenda afika. Osayeza simungadziwe kuti muli mbali iti. Kuyeza kumathandizanso kudziwa nthawi yosiya, kuti munthu asamangogula mankhwala mwezi wathunthu nyama ikuvutika.

Ndipo tisamupeputse mphaka. Kuno amene ali ndi mapira kapena mchewere m'nkhokwe amadziwa ntchito yake. Akachoka mphaka anthu amathamangira tameki, kenako nkhuku, agalu, nthawi zina ndi ana omwe amakhudzidwa.

Ku ofesi ya zaulimi alangizi a ziweto angamuone, kumuyeza kutentha ndi kumuika madzi ngati alipo, koma makina a creatinine sapezeka pa dibi. Pa chimenecho Blantyre ndi yosalambalalika. Imbani foni kaye, funsani mtengo wa chilichonse pachokha, komanso ngati dotolo alipo tsikulo.

Nachisale (Dyeratu): Za ulendo. Nyamukani m'bandakucha, mukwere zitunda za Thabwa dzuwa lisanakwiye. Musamunyamule m'thumba la saka kapena kumanja, minibasi ikaima pa Dyeratu n'kutsegula chitseko mwamutaya. Katoni yolimba yoboola mabowo mbali zonse, kapena dengu lokhala ndi chivundikiro chomangidwa ndi chingwe. Pansi yalani chitenje chakale, pakona ikani botolo la madzi oundana lokulunga m'nsalu. Katoni ikhale pamiyendo panu, osati kumbuyo pa katundu, osatinso pampando wa pamwamba pa injini. Akayamba kupuma ndi kukamwa kotsegula, nyowetsani mapazi ndi makutu ndi madzi wamba, musamuthire madzi oundana thupi lonse.

Usiku uno musamusiye opanda kanthu. Mphaka akakhala masiku atatu kapena kuposa osadya, mafuta amatha kudzaza m'chiwindi n'kuyambitsa chikasu, matenda achiwiri pamwamba pa oyamba. Phikani nkhuku kapena mlamba wauwisi m'madzi okha, opanda mchere, anyezi kapena adyo. Anyezi ndi adyo amaswa magazi a mphaka, ndipo uyu nkhama zatuwa kale. Chotsani minga, sinjani ndi msuzi wake mpaka phala lopyapyala, likhale lofunda pang'ono kuti fungo lituluke. Yambani ndi kumupaka pang'ono pa mlomo. Akanyambita, pitirizani ndi sirinji yopanda singano, pambali pa kamwa kuseri kwa dzino lalitali, theka la ml nthawi imodzi, mutu uli mowongoka osati chagada. Mukamupendeketsa m'mwamba chakudya chimalowera ku mapapo. Mamililita 5 mpaka 10 pa nthawi, maola atatu aliwonse. Akatembenuza mutu, kumeza malovu pafupipafupi kapena kusanza, imani. Wa nseru mukamukakamiza amadana nacho chakudyacho ngakhale atachira. Mkaka wa ng'ombe ayi, umatsegula m'mimba n'kumuumitsa kwambiri.

Oyang'anira gulu: Ndachotsa ndemanga ziwiri za ufiti ndi zoti akamutaye ku Shire. Pano tikukamba za kusamalira chiweto.

Make Dalitso (Nchalo): Zikomo nonse. Tabwerako. Zotsatira ndi izi: mkodzo 1.014, shuga mulibe, puloteni pang'ono. PCV 19. Creatinine 395. Potassium ati ndi yotsika. FeLV alibe, FIV ali nayo. Pa galasi sanaone kanthu. Amuika dripi tsiku lonse, amubaya oletsa kusanza, ndipo madzulo anadya yekha supuni ziwiri. Andipatsa mabotolo a madzi a dripi otchedwa Ringer's lactate kuti ndizimuika pansi pa chikopa, anandionetsa kamodzi koma mtima uli m'mwamba. Za FIV zija ana ali pachiopsezo?

Dotolo wa ziweto (Blantyre): Ana ali bwinobwino, amayi. FIV ndi ya amphaka okha, silowa mwa munthu ngakhale galu. Imafala amphaka akalumana pa ndewu, n'chifukwa chake amphongo oyendayenda ndi amene amakhala nayo kwambiri. Ambiri amakhala nayo zaka osadwala. Musaitenge ngati chigamulo, ingotanthauza kuti zilonda ndi matenda a m'kamwa zimuvuta kuposa anzake, ndipo azigona m'nyumba usiku.

Pa creatinine: madotolo amagawa matenda a impso m'magawo anayi. Kwa mphaka, 140 mpaka 250 ndi gawo lachiwiri, 251 mpaka 440 lachitatu, kuposa 440 lachinayi. Iyi 395 ikuoneka ngati lachitatu, koma inatengedwa ali wouma, ndipo kuuma kumakweza nambala. Yeniyeni idzaoneka pakatha sabata ziwiri akudya ndi kumwa bwino. Ngati pali ndalama ya kuyeza kamodzi kokha mtsogolomu, isungireni chimenecho pamodzi ndi PCV. Ikatsika kufika cha m'ma 250, muli ndi nthawi yabwino patsogolo. Ikakwera ngakhale mukumuika madzi, tikambirane zina.

PCV 19 ndi yotsika, ndipo mukamuika madzi itsikanso pang'ono poti magazi asungunuka. Impso zodwala zimachepetsa kupanga magazi, koma mwa mphaka wa FIV sindingachotse Mycoplasma chifukwa choti sinaoneke pa galasi, imabisala. Funsani dotolo amene wamuona ngati akuona koyenera kupereka doxycycline, mamiligalamu 10 pa kilogalamu kamodzi patsiku kwa sabata ziwiri kapena kuposa. Akakupatsani, piritsi lililonse litsatidwe ndi madzi 5 ml pa sirinji. Likakakamira kum'mero limawotcha, pamapola chipsera chopanikiza, mphaka n'kumabweza chakudya moyo wake wonse. Pesaninso ubweya pa pepala loyera lonyowa, timadontho takuda tikasanduka tofiira ndi ndowe za utitiri, ndipo utitiri umamwa magazi amene alibe kale. Mankhwala ake akhale olembedwa kuti ndi a mphaka, monga a fipronil.

Nachisale (Dyeratu): Za madzi a pansi pa chikopa musaope, manja amazolowera. Muyeso tsatirani umene wakulemberani dotolo. Kwa mphaka wa makilogalamu 3 kawirikawiri ndi 60 mpaka 75 ml pa nthawi, tsiku lililonse poyamba, kenako kudumphitsa tsiku. Chitani motere.

Sambani m'manja. Yang'anani botolo pa kuwala, madzi akhale oyera mbee, akachita chifunga tayani. Liviikeni m'beseni la madzi ofunda mphindi 10, kukamwa kwa botolo kusalowe m'madzimo, ndipo donthezani pang'ono pa mkono wanu, asawotche asazizire. Pachikani botolo pa msomali pamwamba, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa mphaka. Tsegulani kagudumu ka pa chubu madzi ayende mpaka mpweya wonse utuluke, tsekani, ikani singano yatsopano, ya saizi 20G kapena 21G. Lembani mzere pa botolo ndi cholembera pamene muyambire ndi pamene mulekezere, chifukwa mphaka akayamba kuvuta simukumbuka nambala.

Mphaka akhale m'katoni yomukwana kapena pamiyendo pa munthu amene amamudziwa. Kwezani chikopa cha pakati pa mapewa ndi zala zitatu, pakhale kamphako pansi pa zala zanu. Lowetsani singano m'kamphakomo molunjika kumutu, mogona motsata msana, kabowo ka singano kakuyang'ana m'mwamba. Tsegulani. Ubweya ukanyowa, singano yabowola mbali inayo, bwezani pang'ono. Madzi akaima, tembenuzani singano pang'ono, yatsamira chikopa. Mukamaliza tsekani kaye, zulani, tsinani pabowopo mphindi imodzi.

Pakhala chotupa chofewa chimene chimatsikira ku mwendo wakutsogolo kapena pachifuwa, n'chabwinobwino, chimatha pa maola 6 mpaka 8. Ngati mawa lake chikadalipo musaonjezere ena. Werenganinso kupuma madzulo aliwonse, kukakwera kudutsa 40 lekani madzi ndipo imbani foni, mtima ukhoza kukhala kuti sukuwatha. Chenjezo lalikulu: botolo lolembedwa dextrose kapena glucose lisalowe pansi pa chikopa. Mabotolowa amafanana, koma la shuga limaoletsa mnofu n'kupanga chithupsa.

Anesi (Nsanje): Singano zogwiritsa kale ziponyeni m'botolo la pulasitiki lolimba lotsekeka, osati kudzala kumene ana amatola. Pa rabala la botolo pukutani ndi spirit musanabaye chubu.

Mlangizi wa ziweto (Ngabu): Za chakudya ndiikepo mawu, chifukwa apa ndi pamene zimasokonekera kwathu kuno. Amphaka ambiri amadya nsima yosakaniza ndi matemba kapena usipa wouma. Kwa wa impso nsomba zouma zodyedwa ndi minga yomwe zili ndi phosphorus wambiri, zina ndi mchere, ndipo phosphorus ndi amene amafulumizitsa kufota kwa impso. Nsima yokha nayo siyimusunga, mphaka ndi wa nyama, akasowa taurine, chomanga thupi chopezeka mu nyama, mtima ndi maso zimafooka. Chakudya chapadera cha impso cha m'zitini ndiye chabwino koposa ngati mungachipeze ndi kuchikwanitsa. Ngati ayi, ntchafu ya nkhuku yophika ndi chikopa chake, choyera cha dzira chophika, kamtima ka nkhuku, ndi mpunga wofewa pang'ono, zonse zothira msuzi wambiri. Chimenechi si chakudya chokwanira kwa miyezi yambiri, dotolo akuuzeni zoonjezera, makamaka calcium. Koma sabata ino chofunika ndi chakuti adye. Akakana zonse n'kufuna mphende yokha, mpatseni mphende yauwisi yophika yochotsa minga.

Madzi ikani malo atatu, kutali ndi mbale ya chakudya. Zitsime zina za kuno ndi zamchere, ngati chanu ndi chotero mpatseni a pampopi kapena amene mumamwa inuyo. Mu mtsuko amazizira bwino ndipo amamwa ambiri.

Dotolo wa ziweto (Blantyre): Zizindikiro ziwiri zoti muzidziwe. Akayamba kuzolika mutu, chibwano kugunda pachifuwa, khosi lopanda mphamvu, ndi potassium yatsikiratu, ndipo imakonzeka ndi mankhwala akumwa. Maso akatseguka kwambiri osachepa pa kuwala, n'kumagunda mipando, ndi BP yakwera. Imeneyo ndi ya tsiku lomwelo, chifukwa akayamba msanga amlodipine, mankhwala otsitsa BP, maso nthawi zina amabwerera. Muyeso wake ndi waung'ono kwambiri, gawo limodzi mwa 8 la piritsi la mamiligalamu 5, ndiye musayambe nokha osayeza.

Ndinenenso chimene ambiri amachizemba. Lembani pa kalendala tsiku lililonse: wadya, wasanza, wadzisambitsa, wayenda yekha kukakodza. Muyezeni pa sikelo imodzimodziyo sabata iliyonse. Akakana chakudya masiku atatu ali pa madzi ndi oletsa kusanza, akamagona mu mkodzo wake kapena kuyamba kugwa khunyu, mankhwala afika pothera. Pamenepo dotolo amabaya jakisoni womugoneka, sizitenga mphindi zambiri ndipo samva ululu. Tameki kapena kumumiza si njira, ndi imfa yowawa. Wobayidwa jakisoniyo akwiriridwe dzenje lakuya mita imodzi pamalo okwera osafika madzi osefukira, chifukwa galu akafukula n'kudya naye amatha kufa.

Make Dalitso (Nchalo): Ndamva zonse. Lero tamuika 60 ml, ubweya unanyowa kamodzi koma tinabweza singano. Funso lomaliza: botolo ndi la 500 ml, ndi kutentha kunoku komanso magetsi ozimazima, likhala masiku angati nditalitsegula?

Nachisale (Dyeratu): Pa 60 ml patsiku litha lokha pa masiku 8, ndiye palibe vuto. Lembani tsiku lotsegula pa botolo, ndipo mukayamba kudumphitsa masiku lisadutse sabata ziwiri. Furiji si yofunika kwenikweni, m'kabati mwa mthunzi ndi mokwanira, kutali ndi malata ndi zenera. Chubu chisachoke pa botolo, ndipo mukangomaliza ikani singano yatsopano yotsekedwa kumapeto kwake kuti fumbi lisalowe. Chubu chatsopano pa botolo latsopano lililonse. Mawa bayani chala chimodzi kumanzere kwa pamene mwabaya lero.